Shifiti ya a Likhutcha

Chotsa dzanja lako paphewa langa, Filimoni. Chotsa, sindikuseka, ndipo mawu amene umati unenewo uwameze. Ngati ukufuna kuti ndipume, tenga laputopuyo mwakachetechete ukamalize wekha ntchitoyo, koma phewa langa ulisiye. Wakwiya? Kwiya. Magetsi sayaka msanga awa, mbatata nazo sizinapse, ndiye khalani pansi nonse ndikuuzeni chifukwa chake ndimakhalira dzanja lamanja ngati nkhuku yofungatira mazira, poti mwandiseka nazo kokwanira. Inunso mayi eni nyumba, sendezani mpando kufupi ndi mbaula, nkhaniyi si ya anthu amakompyuta okha.

Ndisanalowe kampani yathu ino ndinkadzigwirira maganyu ndekha. Anandiitana ku fakitale ina ya tiyi cha ku Mulanje uko, dzina lake lisakuvuteni. Kumeneko kuli makina odula masamba, zitsulo zonga mitondo yogonekedwa, zodzadza ndi mano, zozungulira moyang'anizana. Masamba amafika pakamwa pake atakwera lamba, ndipo chilichonse chofika pamanopo chimatuluka chili phala, kaya ndi tsamba kaya ndi chala. Amene ankasalaza masamba pa lambayo, pafupi penipeni ndi mano, anali achemwali anga a Felesiya, amene anandilera mayi athu atamwalira. Ganyuyo ndinaivomera chifukwa cha iwo. Ndinati ngati pali munthu woti alembe pulogalamu yolamula makina amene achemwali anga amaima pakamwa pake, bola akhale ine.

Mayi, kompyuta musamaione kunyada, ndi chinthu chopusa. Nthawi zina imangouma ngati munthu wokomoka maso ali tong'o, makina n'kumangothamangabe popanda wowalamula. Ndiye timaika kachipangizo kena pambali, kodziimira pakokha. Anzangawa amati wotchidogi, ine ndimangoti mlonda. Pulogalamu imayenera kumugogoda mlondayo pafupipafupi kudzera pa kawaya kamodzi, ngati kumuuza kuti ndili maso, ndili maso. Ikachedwa kugogoda, mlonda safunsa chifukwa, amadula moto ndipo makina onse amaima. Nzeru yake ndi yomweyo basi.

Pafakitale imeneyo mlonda anali wofunika kuposa kwina kulikonse, chifukwa amene anayala mawaya ine ndisanafike anachita zamanyazi. Batani lofiira loimitsira makina pangozi analidutsitsa mu kompyuta momwemo, ndiye kompyuta ikauma batani nalo lafa. Swichi yaikulu inali m'kachipinda kokhoma, kiyi ili m'thumba mwa manijala, a Mpokosa. Ndinawauza tsiku loyamba lomwelo kuti pafunika chingwe chokoka, chodula moto mwachindunji, choti wogwira pa lamba azichifikira. Anati mawa. Mawa lake anati katundu ali m'njira. Munthu ameneyo mawu oti mawa ankawatafuna ngati chingamu, osawalavula.

Kale kusanabwere kompyuta, ntchito yoyankha mlonda inali ya munthu. Pambali pa makina pankakhala kampando kathabwa ndi batani lamkuwa. Kabelu kakati ngwe, munthu ankadina batani, ndipo akawodzera makina ankazima okha. Anakhala pampando umenewo kuyambira unyamata mpaka imvi anali a Likhutcha. Ine sindinawaone. Anamwalira tsiku lotsekera nyengo yokolola, ndipo a Mpokosa anati palibe chifukwa cholembera munthu wina poti kukubwera kompyuta. Kampando anakaponya kuseri kwa mitolo ya nkhuni za boila youmitsira masamba, kabelu anakazula.

Panali mwambo wina pafakitalepo umene unkandinyansa. Shifiti ikatha palibe ankachoka pamalo pake mpaka womulandira afike, amugwire paphewa ndi kunena kuti ndalandira, kapumeni. Wochokayo ankayankha kuti mugwire bwino. Womulandira akachedwa, munthu ankangoima pomwepo, ngakhale kunyumba kuli matenda. Ine ndikufuna kuyesa makina, anthu ali pamzere kugwirana mapewa ngati ali kutchalitchi. Ndinawaseka a Felesiya kuti kodi popita kuchimbudzi mumalandirananso? Anangondiyang'ana n'kupitiriza kumanga duku lawo.

Pulogalamu nditamaliza, ndinachita zimene aliyense wa ife amachita. Ndinayatsa makina lamba ali wopanda masamba, kenako ndinaumitsa pulogalamuyo dala kuti ndione mlonda akugwira ntchito yake. Ndinapinda manja kudikira kuti makina azime. Makina ali wee, osaima. Ndinadikirabe mpaka manyazi anandigwira pamaso pa kapitawo, ndipo ndinakapempha kiyi kuti tizimitse ndi swichi yaikulu.

Filimoni, ndikudziwa chimene ukufuna kunena, chifukwa inenso n'chimene ndinaganiza. Ndinati ndaika kugogodako pamalo olakwika, m'kachigawo kamene kamangodziyendera pakokha ngakhale pulogalamu yaikulu itafa. Anthu ambiri amagwa m'dzenje limenelo, mlonda n'kumalandira mayankho kuchokera kwa kompyuta yakufa. Ndinafufuza mzere ndi mzere, sindinapeze. Ndinapsa mtima, ndinafufutiratu mzere wogogodawo, kuti tsopano pasakhale chilichonse m'pulogalamu choyankha mlonda. Makina otero sayenera n'komwe kudzuka. Ndinayatsa, anadzuka bwinobwino n'kumayenda ngati akunditsutsa.

Pamenepo ndinatenga kachipangizo koonera mmene moto ukuyendera m'waya, ndinakalumikiza pa mwendo wa mlonda. Mayankho analipo ndithu, akubwera. Koma kompyuta ikamagogoda imagogoda mofanana, osachedwa osafulumira. Awa ayi. Ena ankabwera mochedwerako, ena awiri motsatizana, kenako kadanga, ngati munthu amene wasuntha pang'ono kuti akhale bwino. Ndinati ndi moto wotayikira kuchokera ku mawaya akale. Ndinalondola waya wa batani lamkuwa lija, ndinaudula, ndinaukulunga n'kuuponya panja pawindo. Mayankho sanasiye.

Tinthu tina ndinkangotikwiyira osatiganizira. M'mawa uliwonse kampando kathabwa kaja ndinkakapeza pambali pa makina, pamene ndinkaika chikwama changa, chikwamacho chitaikidwa bwinobwino pansi. Ndinakalipira osesa, anakana. Ndinakabweza kunkhuni, m'mawa kabwerera. Kapu yanga ya tiyi inasowa, ndinakaipeza pansi pa kampandoko mkati muli mouma. Batani lamkuwa, lopanda waya, linkawala pakati pake pomwe zitsulo zina zonse zinali zitachita dzimbiri ndi chinyezi. Ndipo makina akamayenda, pansi pa phokoso lonselo, pankamveka kagogodo kakang'ono, go, go, go. Ogwira ntchito ankadutsa malo amenewo molambalala, ngati mmene umalambalalira munthu wokhala pansi kuti usamuponde mapazi. Nditawafunsa, aliyense anati iye amangodutsa mmene amadutsira.

Ine ndinati kaya ndi chiyani chikuyankhacho, ndichitopetsa. Ndinafupikitsa nthawi imene mlonda amadikira, kuti yankho lizifunika mwamsangamsanga. Chinafulumira nacho. Ndinasintha mlonda ndi kuika wamakono, amene amakana yankho lobwera mochedwa komanso lobwera msanga, amangolandira lofika pakampata kake. Tsiku limenelo makina anazima, ndipo ndinavina ndekha m'fakitale ngati wamisala. Ndinayesanso, anazimanso, koma mochedwerako. Ndikubwera m'mawa mwake, chinthu chija chinali chitaphunzira kampatako, chikulasa pomwepo osaphonya. Ndinakhala pansi pasimenti, misozi ya ukali ili m'maso. Abale inu, m'moyo mwanga ndavutika ndi makina okana kuyenda, koma kuvutika ndi makina okana kuima kunandikwana.

Madzulo ake kunagwa chiperoni, chija cha ku Mulanje choti dzanja lako lomwe suliona. Anthu anali ataweruka, ine ndinatsalira kulongedza. Ndikutuluka, pakhomo lalikulu panali bambo wina wachikulire atavala ovolosi yakutha, ataima chakumkati, zala za kumapazi zili pamzere wa chitseko koma osaudumpha. Nkhope sindinaione bwino, anali atayang'ana kunjira. Dzanja lamanja linali pantchafu, chala chikugunda. Ndinapereka moni, sanayankhe moniwo. Anangofunsa ndi mawu otopa, aulemu.

"Mayi, kodi wondilandira wafika?"

Ine mutu uli wowira ndi mawaya, ndinayesa ndi mlonda wa pageti. Ndinawayankha mwaukali kuti ine si kapitawo, akafunse ku ofesi. Anati zikomo, n'kutembenuka kulowa mkati mumdima, kumene kunalibe munthu aliyense ndi kale. Ndinayenda ndithu kamtunda ndisanazindikire kuti podutsa pakhomopo sindinamve fungo la munthu, ngakhale la thukuta kapena la fodya. Ndinamva la masamba onyowa basi.

Kunyumba ndinawafotokozera a Felesiya ngati nkhani yoseketsa. Anasiya kudya, anasamba m'manja. Kenako anandiuza zimene aliyense pafakitalepo ankadziwa koma osazitchula. Tsiku lija a Likhutcha anamwalira, anamwalirira pampando pomwepo, atatsamira khoma. Anthu anazindikira thupi litazizira kale, ndipo nthawi yonseyo makina sanaime. Anachita kukazimitsa ndi swichi yaikulu kuti awanyamule. Ndinawauza achemwali kuti ine nkhani za mizimu ndilibe nazo nthawi, waya ndi waya, ndipo vutolo ndilipeza. Ndinalankhula mokweza kwambiri, ndipo usiku umenewo nyali sindinazimitse.

Mvula inagwa, tiyi anaphuka, mathirakitala anayamba kutuluka m'minda atasenza masamba. Ndinapita kwa a Mpokosa kukawauza mosapsatira kuti makinawo asayatsidwe, chifukwa kompyuta ikadzauma palibe chowaimitsa. Anandiseka mpaka kupukuta misozi. Anati iwo anandiitana kuti makina aziyenda, tsono ine ndikudandaula kuti akuyenda? Anati tsamba la tiyi silidikira munthu, likagona limapsa, ndipo chingwe changa chija chibwera mawa. Ndinawauza kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Anati miyambi ndikaphere ana anga.

Ndinawachonderera a Felesiya kuti anamizire kudwala. Anakana. Anati iwo akapanda kupita kapitawo aikapo mwana wa munthu wina, wosadziwa n'komwe kuti pali vuto, ndipo bola iwo manja awo anazolowera. Ndinawakalipira, anandikalipira, tinapita kuntchito osalankhulana. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala m'fakitale shifiti yawo yonse, maso pa kompyuta, kuipempherera kuti isaume.

Inauma masanasana, kunja kuli mdima wa mvula. Magetsi anaphethira, jenereta inalandira, koma kompyuta inangoti gwa. Ndinaona manambala ataima pagalasi, ndipo ndisanatsegule pakamwa ndinamva kukuwa. Nsonga ya chitenje cha a Felesiya inali italowa pamfundo ya lamba. Lamba anawagwetsa cham'mbali n'kuyamba kuwakoka, pang'onopang'ono, monga amakokera masamba. Kapitawo anamenya batani lofiira ndi chibakera, palibe chinachitika. Wina anathamangira kiyi, a Mpokosa anali atapita kuboma nayo m'thumba. Amayi awiri anagwira a Felesiya miyendo, wina akulimbana ndi mfundo ya chitenje imene inali itamangika ndi kukokako. Ine ndinazula kompyuta yonse kumagetsi, koma mlonda analibe nazo kanthu, iye mayankho ake ankalandira. Makina anapitiriza.

M'phokoso lonselo ndinamva kagogodo kaja, go, go, go. Kampando kanali pamalo pake. Ndikuuzeni zoona, chimene chinandiyendetsa si nzeru kapena kulimba mtima, unali ukali. Ndinapita pomwepo ndi mtima wofuna kukalipa, kuti bambo inu khama lanulo litiphera munthu. Koma nditafika pafupi ndinamva kupuma, kupuma kwa munthu amene watopa kufikira m'mafupa koma sangachoke. Funso lawo lija linandibwerera. Munthuyu anamunyamula, anamuika m'manda, anamulira, ntchito yake anaipereka kwa kompyuta yanga, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamugwira paphewa.

Ndinatambasula dzanja pamwamba pa kampando, pamene pangakhale phewa la munthu wokhala. Linagunda chinthu. Nsalu yozizira, yonyowa, fupa pansi pake, likunjenjemera.

"Ndalandira, bambo. Kapumeni."

Panamveka mpweya wautali ukutuluka. Kenako pafupi ndi khutu langa, motsitsa, "Mugwire bwino, mayi."

Kagogodo kanasiya. Mlonda anadikira kanthawi kake kaja, kamene ndinakafupikitsa ndekha ndi manja anga, koma kwa ine kanatalika ngati ulendo wapansi. Kenako kunamveka khu, moto unaduka, mano aja anazungulira mwaulesi n'kuima. Duku la a Felesiya linali litalowa kale, linatuluka kuseri lili ulusi wosakanikirana ndi masamba. Iwo anasupuka mkono kuyambira pachigongono mpaka paphewa, tsitsi lina linazuka, koma mutu ndi zala zonse zinali zawo. Ndinawakumbatira ndikulira, uku ndikuwakalipira kuti ndinakuuzani ine, ndinakuuzani. Iwo anangoti ndisiye kuwapanikiza pabala.

Chingwe chokoka chija chinafika m'mawa mwake. Chinali m'sitolo ya fakitale momwemo nthawi yonseyi, pansi pa matumba. A Mpokosa anachimangitsa okha, akulankhula mokweza za kufunika kosamala miyoyo ya anthu. Ine ndikanawayankha ndikanamangidwa.

Ndinabwezeretsa mzere wogogoda m'pulogalamu, ndinakonza chimene chinaumitsa kompyuta, ndipo ndinaitana anthu onse kuti aone mlonda akugwira ntchito. Kampando kanali kunkhuni, sikanabwerere. Ndinayatsa makina, ndinaumitsa pulogalamu dala, ndinaima monyada kudikira. Makina ali wee, osaima. Ndinayang'ana pakachipangizo kanga kaja, mayankho akubwera, olasa pakampata bwinobwino. Ndinatchera khutu kufuna kagogodo, sindinakamve. A Felesiya ndi amene anandikodola, mkono uli m'bandeji, n'kundilozera ndi maso pansi. Chala changa cha mkombaphala chinali chikugunda pantchafu, chokha, ine osadziwa.

Ndinachigwira ndi dzanja lamanzere, ndinachifinya. Chinalimbana nane ngati kambalame. Patapita kanthawi kunamveka khu, makina anaima, anthu anaomba m'manja, a Mpokosa anandigwira chanza kuti ntchito ndaitha. Walira mvula walira matope. Ndinanena ndekha kuti ndalandira, ndipo ndinalandiradi.

Ndiye mwaona. Makina aja akayaka, kulikonse kumene ndili chala chimadziwa, chimayamba. Ndikachileka, mlonda amamvera ine m'malo momvera kompyuta, ndipo tsiku limene idzaumenso adzayesa zonse zili bwino. Chingwe chilipo, inde, koma chingwe chimafuna dzanja lomasuka kuti lichikoke, ndipo a Felesiya akadali pomwepo pakamwa pa mano, anakana kusiya ntchito. Ndiye nyengo yokolola ikafika ndimakhalira dzanja, ndimalemba ndi lamanzere, pogona ndimamanga chala ndi mphira. A Likhutcha ntchito yawo inali kuyankha, yanga ndi kudziletsa kuyankha, ndipo musaganize kuti ndi yopepuka. Ndinayesa kubwerera kuti ndikazule mlondayo ndiikepo wina, watsopanoyo nayenso anandipeza. Kuchotseratu mlonda sindingathe, ndiye kuti ndawasiya achemwali anga pamtetete.

Iwe Filimoni umaiwala foni m'minibasi, umagona pamisonkhano. Ukanandigwira paphewa muja n'kunena kuti ndalandira, kapume, ukanatenga chinthu choti sungachisunge ngakhale mpaka mbatatazi zipse. N'chifukwa chake ndinakukalipira, usandisungire chakukhosi.

Koma pali chimodzi chimene chimandisowetsa tulo, ndipo poti mwakhala chete chonchi ndinene. Ine ndili moyo, ndimatha kugwira chala changa. A Likhutcha sankatha. Tsiku limene ndidzagone osadzuka, dzanja lamanzereli lidzamasuka, koma lamanjali sindikukhulupirira. Ndiye mmodzi wa inu, amene mukudziwa ntchitoyi ndi kufunika kwake, adzabwere bokosi lisanatsekedwe, adzandigwire paphewa ndi kunena mawu aja.

Taonani mmene mwayang'anira pansi nonse. Mayi, tembenuzani mbatatazo zikupserera, ine dzanja lili pantchito.